Nyali ya nsomba za amake Chisomo

Loweruka. Kwatentha tsiku lonse, ndipo m'nyumba muli zii.

Lero ndakhoma nyali ija pamwamba pa thanki ya nsomba. Chichokereni mkazi wanga, amake Chisomo, kukagwira ntchito ku Joni, nyaliyi yakhala ikulendewera pa msomali umodzi. Dzulo inatsala pang'ono kugwera m'madzi ili chiyakire. Nsomba zawo zisanu zija zikanafa, ndikanawauza chiyani?

M'mawa ndinakagula bulaketi yopachikapo nyaliyo ndi masikuluu anayi ku masitolo a pa Chikwanha. Ndabowola khoma, ndakhomera timitengo m'mabowomo monga ankachitira bambo anga, chifukwa tapulasitiki tija sinditikhulupirira. Waya ndamudutsitsa kutali ndi madzi. Ndagwedeza ndi manja awiri, siikusuntha.

Koma ndili chiimire pampando, ndinangopezeka ndafunsa kuti, "Yawongoka?" Panalibe woyankha. Imeneyo inali ntchito ya amake Chisomo. Chilichonse chomwe ndinkakhoma m'nyumba muno, iwo ankaima pakhomo, manja m'chiuno, n'kumati, "Abambo a Chisomo, maso anuwo ali kuti? Kwezani kumanzereko!" Zinkandikwiyitsa zedi.

Ndinaitana neba, Baba Tino. Anangosuzumira pakhomo n'kunena m'chilankhulo cha kwawo kuti, "Zvakanaka, mudhara," kutanthauza kuti zili bwino, madala. Nyaliyo sanaiyang'ane n'komwe.

Nditatsika ndinaona ndekha kuti yapendekera kumanzere. Kukonza kwake n'kumasula sikuluu imodzi basi, koma sindinakonze. Ndaijambula ili choncho, ndawatumizira amake Chisomo pa foni.

Mpaka pano chithunzicho sanachione. Nsomba ndazidyetsa. Foni ndaiika pafupi ndi thanki, ndikudikira kuti andikalipire.