Mayi Dikirani, Amene Anatiphunzitsa Kumvetsera Tisanalankhule

Kwa bambo a m'nyumba, ana, zidzukulu ndi abale onse a malemu. Kwa mamembala a bungwe lathu. Ndiponso kwa onse amene uthenga uno uwafike.

Ife a Bungwe la Okonda Kulankhulana pa Wayilesi talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wakuti mayi athu ndi mphunzitsi wathu, amene tonse tinkawadziwa ndi dzina loti Mayi Dikirani, anatisiya Lachiwiri m'mawa atadwala kwa masiku owerengeka chabe. Uthengawu unatipeza tili pa ntchito zathu, wina ali pa makina osokera, wina ali ndi choko m'manja, ine ndili chagada pansi pa galimoto ya anthu; ndipo ngakhale kuti ndife anthu odziwika ndi pakamwa posatopa, tsiku limenelo tinaimbirana mafoni n'kumangopumirana, mawu atatithera tonse.

Kwa amene sakutidziwa, wayilesi yathu si yoimba nyimbo kapena yowerenga nkhani ayi. Ndi wayilesi imene munthu amalankhulapo n'kuyankhidwa ndi mnzake amene ali kuseri kwa phiri kapena kutsidya kwa nyanja, pogwiritsa ntchito kabokosi, batire ndi waya womangidwa pa mlongoti. Wofuna kulankhulapo amalemba mayeso, ndipo akakhoza amalandira chiphaso pamodzi ndi dzina loitanira, la zilembo ndi manambala, limene palibe wina ali nalo. Chinthu chimodzi chokha ndicho chimavuta pa wayilesi yotereyi: ukadina batani kuti ulankhule, makutu ako amatsekeka, sumva kanthu kufikira utalisiya. Moyo wonse wa mayiwa pakati pathu unali wotiphunzitsa kusiya batanilo.

Malemu anagwira ntchito yolumikiza mafoni kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, masiku aja foni inkadutsa kaye m'manja mwa munthu isanafike kumene ikupita, ndipo atapuma anabweretsa kwa ife khutu lomwe lija ndi kuleza mtima komwe kuja. Anali mmodzi wa anthu asanu amene anayambitsa bungweli m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yokonzera mawayilesi, momwe munali benchi imodzi, tebulo lopendekeka ndi zenera losatsekeka. Anali mayi woyamba pakati pathu kulandira chiphaso. Anaphunzitsa ongoyamba kumene oposa zana limodzi, ena mwa iwo lero ndi agogo. Analemba ndi dzanja lawo kabuku ka masamba asanu ndi atatu ka makhalidwe a pa wayilesi, kamene timakajambulabe pa makina ngakhale zilembo zina zinafufutika. Ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anatsogolera msonkhano wathu wa pa wayilesi wa Loweruka m'mawa, kuitana mayina athu mmodzimmodzi, osajomba koma kawiri kokha, pa ukwati wa mwana wawo ndi pa tsiku limene mphepo inagwetsa mlongoti.

Dzina loti Dikirani silinali la makolo. Tinawapatsa ndife, ndipo analilandira ndi kaseko. Wophunzira aliyense akangokhala pampando, dzanja likuyabwa kufuna maiki, mayiwa ankaika chikhatho chawo pamwamba pa dzanjalo n'kunena kuti, "Dikirani, achimwene. M'nyumba ya eni mumangolowa n'kuyamba nkhani? Tcherani khutu kaye. Mukamva kuti kuli zii, funsani ngati pali amene akugwiritsa ntchito tchanelo chimenecho, chifukwa mwina alipo, kungoti inu simukumumva. Akapanda kuyankha, funsaninso. Ndiyeno mutchule dzina la amene mukumuitana, lanu pambuyo, chilembo chilichonse pachokhapachokha ngati mukuwerengera mwana mazira." Ankaletsa kutukwana, kutsatsa malonda ndi kukangana za ndale, ndipo wolankhula mosalekeza ankamuuza mwaulemu kuti, "Zikomo abusa, ulaliki tamva. Tsopano tipatseni mpata tinene ameni." Koma lamulo limene ankalikonda koposa linali lakuti mnzako akamaliza kulankhula usamuyankhe nthawi yomweyo: upume kamodzi, usiye kampata, chifukwa m'kampata kameneko ndi momwe munthu wa mawu ofooka angalowere.

Abale, uthenga wotere suyenera kukhala malo oululira machimo, koma sindingawalire mayiwa moona ndikapanda kunena zimene zinachitika pakati pa iwo, ine ndi a Telala.

A Telala ndi membala mnzathu, munthu wofatsa, wa manja aluso, koma wachibwibwi. Loweruka limene ankayenera kuitana koyamba pa wayilesi, anabwera atavala jekete yodzisokera okha, anakhala pansi, anamvetsera bwino, anadina batani, ndipo lilime linakakamira pa chilembo choyamba cha dzina lawo. Anayesa kachiwiri, thukuta lili kamukamu. Ine, amene panthawiyo ndinali ndi miyezi itatu yokha m'bungwe koma ndinkadziona ngati katswiri, ndinawamalizira dzinalo mokweza, ndipo ndinaseka. Ena awiri anasekanso. A Telala anaika maiki pansi mosamala, anatola chipewa chawo, n'kutuluka. Milungu itatu inadutsa osaoneka.

Mayi Dikirani sanandikalipire pagulu. Anabwera ku galaja kwanga masana ena, anaima pambali pa galimoto imene ndinkakonza, n'kufunsa kuti, "A Makaniko, kodi injini ikamavuta kulira m'mawa, mumaiseka?"

Ndinayankha kuti, "Ayi mayi, timaipatsa nthawi itenthe."

"Chabwino," anatero, ndipo anapita. Sipanala inandilemera m'manja tsiku lonselo.

Tinadzamva pambuyo pake kuti mayiwa anatenga siketi imene inalibe vuto lililonse n'kupita nayo kwa a Telala kuti akaichepetse m'chiuno. Mlungu wotsatira anaibwezanso kuti aikulitse. Mlungu wachitatu anati mpendero wafupika. Ulendo uliwonse ankakhala pa kampando ka makasitomala, n'kuwapatsa a Telala mpukutu wa ulusi kuti ukhale maiki, iwo atagwira sizasi, n'kumaitanizana m'shopu momwemo, makasitomala akudabwa. Mayiwa ankawauza a Telala kuti, "Musalimbane ndi lilime. Likakana, pumani. Wayilesi si basi, siikusiyani." Siketiyo inatha ndi kusoka, koma Loweruka lachinayi a Telala anaitana pa wayilesi, dzina lonse lathunthu, ndipo amene anawayankha ndinali ine, nditadikira kufikira atamaliza. Ndinapepesa pamaso pa onse, ndipo iwo anandikhululukira ndi mtima umodzi.

Patapita zaka ziwiri, Lamlungu lina masana nyengo ya mvula, ine ndi a Hedimasitala, amenenso ndi membala wathu, tinkacheza pa wayilesi nkhani za mabatire, Mayi Dikirani akumvetsera ali kwawo monga mwa chizolowezi chawo. A Hedimasitala atamaliza kulankhula, ndinapuma kamodzi ndisanayankhe, monga tinaphunzitsidwira. M'kampata kameneko munamveka kaphokoso, kenako mawu apansipansi, onjenjemera: "Tha-tha-tha…"

Ine ndinayesa mphezi. Koma mayiwa analowa nthawi yomweyo, mawu ali bata ngati akuitana mayina Loweruka. Anatchula dzina lawo loitanira n'kunena kuti, "Nonse khalani chete, pali wofuna thandizo. A Telala, ndine. Ndakumvani. Musathamange, ndili pompano."

A Telala anali pa ulendo wokaona mayi awo kumapiri, atanyamula kawayilesi ka m'manja m'thumba la jekete. Minibasi imene anakwera inaterereka n'kugwera m'khwawa, malo amene mafoni sagwira. Iwo anatuluka ndi mkono wothyoka, anakwera chitunda ndi mawondo, ndipo mantha anali atamanga lilime lawo kuposa kale lonse. Pang'onopang'ono tinamva kuti kuli anthu khumi ndi mmodzi, atatu ovulala kwambiri, mmodzi mayi woyembekezera. Mayi Dikirani ankabwereza mawu alionse kuti atsimikize, kenako n'kufunsa funso limodzi lokha. Anafika pa funso lalikulu: "Muli pati?"

"Pa-pa mlatho wa-wa-wachi… wachi…"

Abale, msewu umenewo ndimaudziwa ngati chikhatho changa. Pali mlatho wachitsulo umene ngozi zimachitikapo chaka ndi chaka, ndipo ndakokapo magalimoto osawerengeka. Chala changa chinali kale pa batani kuti ndinene kuti, "Wachitsulo! Tumizani ambulansi ku mlatho wachitsulo!" Mtima unkandiuza kuti mphindi iliyonse ndi magazi a munthu. Ndikanadina, mawu anga amphamvu akanaphimba kawayilesi kawo kofooka, ndipo palibe akanamvanso chimene ankanena. Sindidziwa chimene chinandigwira dzanja, koma ndinachotsa chalacho n'kuchikhalira.

Kunali zii. Tinkangomva mvula ikugunda pa kawayilesi ka a Telala ndi mpweya wawo.

"…wachi-chi-kale. Mlatho wachikale. Msewu wa-watsopano wa-watsekedwa."

Mlatho wachikale uli mbali ina ya phiri, ulendo woposa ola limodzi kuchokera pa wachitsulo. Mayiwa anabwereza mawuwo kawiri, a Telala anavomera, ndipo mayiwo anaimba foni kuchipatala ndi dzanja limodzi, lina lili pa maiki, akuwalankhula a Telala kuti asakomoke, kuwafunsa za mitundu ya ulusi ndi za siketi ija, kufikira ambulansi itafika. Anthu onse khumi ndi mmodzi anapulumuka. Mayi woyembekezera uja anachira bwino patapita milungu isanu, anabereka mwana wamkazi. Titawayamika malemu pa msonkhano wotsatira, anakupiza dzanja n'kunena kuti, "Ine ndachita chiyani? Amene anakwera chitunda ndi mkono wothyoka ndi a Telala. Ndipo a Makaniko akhala chete kwa mphindi zinayi. Chimenecho ndiye chozizwitsa, chilembeni m'buku."

Umu ndi momwe analili mayi amene tikuwalira lero: oseka msanga, osafuna ulemu, okhwima pa malamulo koma ofewa pa anthu. Atisiyira ophunzira asanu ndi awiri amene akuyembekezera mayeso mwezi wamawa, ndipo komiti yagwirizana, popanda wotsutsa, kuti amene amalize kuwaphunzitsa ndi a Telala.

Tsopano kwa inu a pabanja. Tikudziwa kuti zimene ife tinalandira, inu ndi amene munatipatsa. Loweruka lililonse limene mayi anali nafe ndi Loweruka limene munawasowa pakhomo. Ana inu munakula mukuuzidwa kuti muyende monyang'ama pakhonde chifukwa amayi ali pa wayilesi. Ndipo inu bambo munapirira alendo osatha, mawaya odutsa pamwamba pa dimba lanu la maluwa, ndi phokoso la kabokosi kamene munkakatcha kuti mlamu wanu wosachoka. Sitidzaiwala tsiku limene munayanika malaya pa waya wa mlongoti n'kutiuza kuti nawonso ugwireko ntchito ya pakhomo. Pa zonsezi tikuti zikomo, ndipo zikomo wathu ndi wochepa.

Lachitatu, titabwera kudzakhala nanu, ndinalowa m'kachipinda ka mayi ndi mwana wanu wamkulu kuti tizimitse zipangizo ndi kuziphimba ndi nsalu. Magalasi awo anali pamwamba pa kope, pensulo ili pakati pa tsamba. Ndikufuna kudina chozimitsira, inu bambo munaima pakhomo n'kunena kuti, "A Makaniko, musazimitse. Zaka zonsezi ndinkadandaula kuti kanthuka kakusokosa. Dzulo kanakhala chete, ndipo m'nyumba muno simunakhalike." Ndinakuonetsani potembenuzira matchanelo, ndipo munakhala pampando wawo, manja ali pamawondo, ngati mlendo.

Bambo, kulankhula pa wayilesi kumafuna chiphaso, koma kumvetsera sikufuna chilolezo cha munthu aliyense. Zipangizozo zikhale pomwepo nthawi yonse imene mukuzifuna. Batire tidzabwera kudzaliona, mlongoti ukapendekeka tidzauwongola, ndipo maluwa anu sitidzawaponda. Loweruka likudzali, nthawi ya eyiti koloko m'mawa, tidzasonkhana pa tchanelo cha masiku onse. Simudzatha kutiyankha, ndipo sitidzayembekezera yankho. Koma tikadzamaliza kuitana mayina n'kupereka moni kwa onse amene akungomvetsera, dziwani kuti moni ameneyo ndi wanu.

M'malo mwa komiti, mamembala onse, ophunzira athu, ndi anzathu akutali amene sanawaonepo mayiwa nkhope koma akulira nafe chifukwa cha mawu awo, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu bambo, kwa ana, zidzukulu ndi abale onse. Chauta akulimbitseni mitima pa masiku ovutawa, akupukuteni misozi, ndipo akupatseni anthu okhala nanu pamene anamalira onse adzakhale atabwerera kwawo; ife tidzakhala pakati pa anthu amenewo.

Mzimu wa mayi athu uuse mumtendere.

Ine wanu pa chisoni chino,
Wapampando,
Bungwe la Okonda Kulankhulana pa Wayilesi