Bambo ndi khomo lakutsogolo

Achemwali,

Landirani moni wochokera kuno ku Mzuzu. Tonse tili bwino, koma bambo akudandaula mawondo.

Mukukumbukira tili ana, tikuwadikira kuseri kwa nyumba ya mzungu kumayadi, kumene ankaphika? Boma landipatsa nyumba mumsewu womwewo. Bambo atabwera kuchokera kwawo ku Zolozolo kudzaiona, anavula chipewa pageti, n'kuzungulira kukagogoda kukhitchini. Ndinati, "Bambo, pano ndi panu, lowerani kutsogolo." Anangoti, "Mwanawe, miyendoyi inazolowera." Tiyi anamwera pakhonde lakuseri, ine misozi ikulengeza. Kuyambira tsikulo sanabwerenso.

Chonde alembereni kuti asamaope khomo lakutsogolo, inu amakumverani. Dzulo ndinawachonderera mpaka anavomera kubwera Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Ndidzawachingamira pageti, ndiwagwire dzanja, tilowere kutsogolo limodzi.

Mulungu akusungeni ku Kitweko.

Ine mng'ono wanu,
Esinati