Anchima a Achimwene

14 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndasangalala kumva kuti mwendo wanu wayamba kupola. Kalata yanu ndalandira, koma zoti ndikawapepesere achimwene kwa akuluakulu a zanyama, pepani, sindipita.

Inu mukudziwa zoti ankagulitsa zida za galimoto. Amayi, matayala aja anali ophimba anthu m'maso. Kuseri kwa shopu kunali kachipinda kopanda windo, kodzaza zikwere. Boma litakhwimitsa lamulo loteteza anchima, achimwene anaseka mpaka kutsokomola. "Mlongo, andikwezera mtengo," anatero. "Choletsedwa ndiye chimene mabwana amachifuna." Ine ndinkayesa nthabwala.

Mwezi watha apolisi anabweretsa katundu kuntchito kwathu kosamalira nyama zolanditsidwa. Unali mpope wa pulasitiki wobowola timabowo. Titautsegula tinapezamo tiana ta anchima tisanu, tomangidwa manja ndi tepi, tovekedwa masokosi kumutu. Tinayi tinali titafa. Kuti munthu atenge kamwana kotere, Amayi, amayamba wawombera make, chifukwa make salola. Wapolisi atatchula dzina la mwini katunduyo, ndinakhala pansi.

Kukhoti achimwene anabwera atavala suti ija amapitira kutchalitchi. Munthu wamkulu, mimba kutsogolo, kulira mamina tapatapa! "Bwana woweruza, ndimangotisungira ana kuti azisewera nato." Anthu anaseka. Woweruza sanaseke. Kale akanangolipira chindapusa n'kukadyera kunyumba, koma lamulo lomwe ankaliseka lija lawapatsa zaka zisanu. Mwini hotela amene ankagula tianato, kuti alendo ake azijambulitsa nato, ndinamuona dzulo akutsukitsa galimoto, akuimba mluzu. Uyo ndiye sindifuna n'kumutchula komwe.

Sopo ndi bulangete ndawatumizira kundende. Atandiona Lamlungu anati, "Iwe, magazi amodzi, ukusankha nyama?" Ndinangowayang'ana mpaka anazolika.

Alamu ndi ana ali kuno kwa ine, musadandaule. Wamng'ono uja amafunsa za bambo ake. Kanchima kotsala kaja kayamba kuyamwa botolo, koma ndikakaika pansi kamalira ngati khanda, ndiye ndimagwira ntchito nditakabereka.

Mupereke moni kwa azakhali. Akafunsa, auzeni zoona, musati mwana wanu anamunamizira. Ndikudziwa mundikwiyira. Kwiyani ndithu, Amayi, koma mankhwala anu muzimwa.

Ndine mwana wanu,
Mzime