Lamba wa Mphenzi

Lolemba, 6 Meyi

Kachule wakhosomolanso mpaka kusanza. Fumbi la pophwanya miyala likulowabe m'chipinda ngakhale titseke zenera ndi chiguduli. Adokotala akuti mwanayu achoke pafumbi. Achoke apite kuti?

Kampani ya alonda ikulemba anthu pa 15 Juni, ndipo ikupereka chipinda kutali ndi kuno. Koma ayamba atithamangitsa, kuchokera pageti lawo, kukwera chitunda cha thanki ya madzi, kuzungulira mpaka kubwerera. Atenga oyamba khumi basi. Mphamvu ndili nazo, ndimasenza miyala, koma mpweya umandithera msanga. Ndapita kwa aKochi ophunzitsa othamanga pabwalo la sukulu. Ndazungulira kamodzi, iwo akuti, "Iwe, galu wakuthamangitsayo ali kuti?"

Lachitatu, 8 Meyi

Ndilembe ndisaiwale. AKochi akuti thupi lili ndi moto wamitundu itatu. Wa machesi, phuu watha, wodumphira ngalande. Wa udzu, umalilima kanthawi kochepa, ndi umene umawotcha m'ntchafu. Wa makala, umachedwa kukolera koma umapsetsa nyemba. Ine akuti ndine udzu wokhawokha. Makala amakolezedwa pothamanga pang'onopang'ono, moti uzitha kulankhula osadukiza.

Andibwereka wotchi ndi lamba wake womanga pachifuwa. Mtima ukathamanga mopitirira, wotchi imalira ti-ti-ti, ndiye uchepetse. Lambayo ndi wakale, ali ndi mzere woyera wa thukuta la munthu wina. Sindinasinthe pomangira. Wandikwana ngati anachita kundiyeza.

Loweruka, 18 Meyi

Manyazi. Mayi wina wosenza tomato wandipitirira akuyenda, akuti, "Achimwene, mwataya chiyani tikuthandizeni kufuna?" Ine ndikungolankhula ndekha, sopo, mafuta, mankhwala a Kachule, sopo, mafuta.

Pachitunda wotchi yalira. Ndachepetsa. Koma kumbuyo kwanga kunali mapazi, ndipo iwo sanachepetse. Afika pafupi mpaka mpweya wotentha pakhosi panga. Kucheuka, msewu uli zii, dzuwa lili paliwombo. Mwina ndi njala.

Lachiwiri, 28 Meyi

Wometa tsitsi waiona wotchi, makina n'kuzimitsa. Akuti, "Mwaitenga kuti iyi? Ndi ya Mphenzi iyi." Mphenzi anali mwana wa mchemwali wawo wa aKochi. Akuti liwiro lake njinga inkagonja, koma wotchi ikalira iye ankaseka n'kuwonjezera moto. Anagwa pa mpikisano, kumunsi kwa thanki, lamba ali pachifuwa. Sanadzukenso. Wometayo wandiseka, "Musaope, inu liwiro lanulo imfa ikhoza kukupitirirani osakuonani."

Ndawafunsa aKochi. Ayamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Akuti, "Wotchi ndi wotchi. Iwe uziimvera basi."

Lachinayi, 6 Juni

Amake Kachule akhala akundiuza kuti wotchi ija imalira masana ine ndili kuntchito. Ndimawatsutsa. Lero ndaweruka msanga, ndaona ndekha. Wotchi ndi lamba zili pamsomali kuseri kwa chitseko, palibe wavala. Manambala akukwera okha, ngati munthu ali pachitunda. Kenako ti-ti-ti. Kachule anasiya kuyamwa, maso pachitseko.

"Bambo a Kachule, chinthu ichi chituluke m'nyumba muno."

Ndati tatsala pang'ono, mayi. Zoona zake n'zakuti chikugwira ntchito. Masiku ano chitunda ndikukwera ndikulankhula mpaka pamwamba, ntchafu osawotcha. Mapazi aja amabwerabe, pamalo omwewo. Sindicheukanso.

Lachisanu, 14 Juni

Pachifuwa pa Kachule pakulira ngati chitseko chakale. Mawa wotchi ndi lamba sindivala, zitsale pamsomali. Tsiku la mpikisano ndi limene mwini wake anagwa.

Loweruka, 15 Juni

Ndilembe ndisanagone.

Wezulo italira anthu onse anayatsa udzu. Ine makala, kumbuyo kwenikweni, pamodzi ndi bambo wina wa chimimba. Tikufika pachitunda ndinaona misana yambirimbiri kutsogolo, ndinakumbukira chifuwa cha mwana, mutu unasokonekera. Ndinayamba kukoka. Ntchafu moto, m'kamwa kukoma chitsulo.

Mapazi aja anabwera. Pafupi kuposa masiku onse.

Kenako ti-ti-ti. Ndinayang'ana pamkono, palibe kanthu, khungu lokha. Ti-ti-ti, m'khutu momwe. Ndinayesa kunena sopo, mafuta. Mawu anakana, panangotuluka "so". Mtima ukuti pitiriza, chipinda chikupita. Koma ndinachepetsa, mpaka kukhala ngati wotaya chinthu uja.

Mapaziwo sanachepetse. Anandidutsa kumanzere, kamphepo kanandikhudza mkono, fungo lake la lamba uja. Ndinawamva akukwera, phaphapha, phaphapha, akuwonjezera. Kumunsi kwa thanki anangoti zii. Podutsa pamalopo ndinalambalala, sindikudziwa kuti ndimalambalala chiyani.

Kuseri kwa thanki anthu anali mbwee m'mbali mwa msewu, ena akusanza, ena agwira mawondo. Ndinawadutsa mmodzimmodzi ndikunena sopo, mafuta, mankhwala a Kachule. Pageti bwana wa alonda anandigwira phewa, akuti wachisanu ndi chinayi, ubwere Lolemba udzatenge kiyi. AKochi anali patali, kutsidya kwa msewu. Sanabwere. Anangovula chipewa, maso ali kuchitunda.

Kunyumba ndapeza amake Kachule ali panja, mwana kumsana, chitseko chotseka. Ndawauza za kiyi, agwetsa misozi, koma kulowa akana. Akuti wotchi inayamba kulira m'mawa, kufulumira, kufulumira, kenako kulira kumodzi kwakutali, basi.

Ndalowa ndekha. Wotchi ili pamsomali, galasi lake lakuda, manambala palibe. Lamba ali pansi, womasuka pomangira. Ndamutola. Wonyowa, ndipo akadali wofunda.