Nkhope yanu inafika mochedwa

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji? Kuno tikudzuka, koma ine mtima sunakhale m'malo, n'chifukwa chake ndati ndikulembereni.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkadana ndi munthu wofika ndi madandaulo asanapereke moni. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Yohane, wabereka mwana wamkazi ku Joni komweko. Fodya ndiye chaka chino watikana. Mvula inadula masamba akungoyamba kutambasuka, ndipo chigafa chakumadzulo chija chiswe chagwetsa.

Nkhani yeniyeni ndi ya Abambo. Shuga uja analowa m'maso. Pamene tinkakuikani m'manda, diso lamanzere linali litafa kale, lamanja likuona mwachimbuuzi.

Mukukumbuka tsiku lija a Yohane anakujambulani ndi foni yawo yatsopano, muli m'chigafa mukusoka fodya? Munkaimba nyimbo ya ku Chigwirizano, kenaka n'kuwakalipira kuti munthu sajambula mayi ake atavala zakumunda. Kanema wanu ndi yekhayo padziko pano. A Yohane atamva za maso a Abambo, ananditumizira kuti ndikawaonetse diso lotsalalo lisanatseke.

Nditamutsegula pa foni yanga, mawu anu anatuluka bwinobwino, koma galasi lili bii. Ndinaiponya foniyo pamphasa. Kusukulu kumene ndimaphunzitsa ndinayesa pa kompyuta ya muofesi, ndipo inangolemba m'Chingerezi kuti kodeki palibe. A Yohane anati ndimutsegule pa intaneti, m'bulawuza. Kumenekonso anali mawu okhaokha.

Apa ndi pamene ndinalakwira. Mukudziwa mmene timanenera kwathu, kuti wamasiye akayamba kumva mawu a malemu osawaona, ndiye kuti akumuitana. Ndinaopa kupita kwa Abambo ndi mawu anu otuluka mumdima. Ndinafuna akuoneni wathunthu, nkhope ndi mawu omwe, ndiye sindinawauze chilichonse.

Ndinalimbana nazo ndekha, ndi makani anga aja munkati ndinatengera azakhali. Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu kusaka netiweki, n'kukoka pulogalamu ina yodzitama kuti ili ndi makodeki onse. Inabwera ndi vairasi, kompyuta ya sukulu n'kuyamba kudzitsegulira zinthu zochititsa manyazi. A hedi sanandilankhule sabata yathunthu. Kenaka inafika nyengo yosankha fodya, kenaka mayeso a ana, ndipo miyezi inayi inapita chonchi. Paja munkati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ine kupusa, ndinkayesa mukunena za fodya basi.

Loweruka lapitali ndinakwera minibasi kupita ku Kasungu boma, kwa a Asiyatu, mayi amene amalowetsera anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Anandifotokozera ngati mwana wa sitandade wani. Akuti kanema amadindidwa monga timadindira fodya m'belo kuti achepe, ndipo kodeki ndi kanthu kamene kamamasula belolo. Mawu amawadinda paokha, zithunzi pazokha. Foni ya a Yohane imadinda zithunzi mwa njira yatsopano, imene foni yanga ndi kompyuta yokalamba ya kusukulu siziidziwa. "Aphunzitsi, kanemayu sanawonongeke ayi, mumangovutika chabe," anatero. Anamusandutsa kukhala wa mtundu wakale umene foni iliyonse imawerenga. Ntchito yonseyo sinakwane ndi ola limodzi lomwe. Ola, Amayi!

Ndinakuonani. Duku lanu lobiriwira, kampata ka m'mano kaja, zala zikuthamanga pamasamba inu osayang'anapo n'komwe. Ndinalira pa shopu ya eni, anthu akudutsa.

Ndinafika kwathu ku Kaluluma dzuwa likadali pamwamba, n'kuwapeza Abambo pakhonde. Ndinagwada, ndinawauza kuti ndabwera ndi kanthu, n'kuwapatsira foni m'manja. Mutangoyamba kuimba anawongoka msana. Anaitembenuzatembenuza foniyo, n'kuiyandikiza kumaso mpaka inagunda mphuno, koma galasi linali likuyang'ana kwa ine. Diso lija linatseka mwezi wathawu. Sanauze munthu, ndipo poti pakhomo paja akupadziwa ndi mapazi, ine wobwera mothamanga kumathero a sabata sindinazindikire.

Anati ndibwereze, ndipo ndinabwereza kasanu. Kenaka anafunsa kuti kanemayu wabwera liti. Bodza linakana kutuluka, ndinanena zoona zonse, za mawu a mumdima ndi mantha anga omwe. Anaikumbatira foniyo pachifuwa.

"Esinati," anatero, "mdima umene unkauopawo ine ndimakhalamo kale. Miyezi inayi amayi ako akuimba m'thumba mwako, ine ndili ndekha pano?"

Sanakalipe, Amayi. Bola akanakalipa.

Ndikhululukireni, pakuti ndine amene ndinawamana nkhope yanu, ndi mawu omwe. Foniyo ndawasiyira, ndawaphunzitsa podina ndi chala. Ndikukulonjezani kuti Loweruka lililonse ndizikhala pambali pawo, inu muziimba, ine ndiziwauza chimene mwavala ndi pamene mwaseka, kufikira tsiku limene adzabwere kudzakuonani okha.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Esinati