Chikwama Changa pa Geti

Lolemba, 3 Malichi
Kuchipatala. Tinalipo ine, Kadona ndi anesi. Kadona ndi mwana wanga, zaka 8, makilo 21. Mu Januwale anali 23. M'mimba kupota, sabata yachisanu tsopano. Magazi bwino, njoka palibe. Anesi akuti, "Mayi, mwana akumwetulira chonchi, ndi wodwala ameneyu?" Komabe anati ndizilemba tsiku ndi nthawi imene kupotako kwayamba. Kulemba ndimatha. Kuntchito andidula theka la tsiku.

Lachinayi, 6 Malichi
Nsalu za pabedi 140, matawulo 90. Kadona akaweruka kusukulu amandidikira pa geti lakumbuyo kwa hotela, poti kunyumba kulibe munthu. 5 koloko kusecha, monga mwa masiku onse. Ife akuda a kochapira ndi kukhitchini, zikwama pa tebulo. Oyera khungu a mu ofesi kumangodutsa. Lero abwana analipo. Anatokosa zovala zanga zosinthira ndi nsonga ya cholembera. "Anthu inu manja anu amamata." Ine kumwetulira. Kadona maso pa mpata wa geti. Madzulo sanadye. Akuti kupota kunayamba 4 koloko.

Lolemba, 10 Malichi
Loweruka ndi Lamlungu, bwinobwino, mpaka kupempha chowonjezera. Lero 4 koloko kupota kwayambanso. Aphunzitsi anandiitana. Mnzake wa Kadona anataya labala. Palibe anamuloza chala, koma Kadona anakhuthula chikwama chake chonse pa desiki, uku akumwetulira.

Kumwetulira kumeneko ndikukudziwa. Nkwanga.

Lachisanu, 14 Malichi
Ndaika masiku pamodzi. Masiku a ntchito 10, kupota 9. Tsiku limodzi lotsalalo ndi Lachitatu, pamene geti linali lotseka tinatulukira kutsogolo osasechedwa. Ndinamufunsa Kadona pomuluka tsitsi. "Amama, tsiku lina akadzapezamo kanthu, ine ndidzapita ndi ndani kunyumba?" Chipeso chinandigwa. Ine ndinkati ndikamwetulira aona kuti palibe vuto. Kani mwana amaona zonse.

Lachitatu, 19 Malichi
Ndinauza Achemwali a Ayironi, osita zovala, amene akhala pa hotelayi zaka 17. Anaseka. "Iwe Kachetechete, lero wapeza pakamwa? Ine anandisecha mpaka mpango wakumutu, anapezamo imvi." Koma kuseka kunatha nditawaonetsa kope lolembamo masiku a kupota. Mdzukulu wawo, amene nayenso amadikira pa geti, wayamba kukodza pogona.

Talemba kalata yopita kwa abwana. Mawu ochepa: asecheni onse, kapena asasechedwe aliyense. Tilipo 31. Achemwali akuti osapereka tisanakwane 20, apo ayi atithothola mmodzimmodzi ngati nkhuku. Dzina loyamba langa.

Lachisanu, 21 Malichi
Osayina 11. Wophika wamkulu wakana, ali ndi ana anayi pasukulu. Sindikumuda. Pa geti ndinatsegula chikwama, koma osamwetulira. Ndinayang'ana abwana m'maso. "Lero wadwala?" Ndinati ayi bwana, wadwala ndi mwana wanga, uyo waima apoyo. Sanatembenuke. Mlonda, wakuda mnzathu, ananong'ona potseka zipi, "Mlongo, nanenso zimandinyansa, koma nditani?"

Panjira ndinamuuza Kadona zoona. Kuti zimandipweteka. Kuti si ife olakwa. Analira mpaka pa siteji. Koyamba kulira m'malo momwetulira. Anadya theka la mbale.

Lachiwiri, 25 Malichi
Wina waulula za kalata. Andichotsa ku makina ochapira, andipatsa zimbudzi za pansi, ati ndikaganizire bwino. Lendi pa 1. Mantha alipo, sindinama. Kadona makilo 21 ndi theka. Kupota dzulo, lero ayi.

Mmawa mlonda anandiimitsa. Anangoti, "Pepala lija muli nalo?" Anasayinira pa bondo, kuseri kwa chitseko.

Tsopano 14. Atsala 6.