Alamu anu muwabweze

Nkopola, Mangochi

Achimwene Amidu,

Salaam aleikum. Kaya muli bwanji kumeneko, nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ife tilipo, Ajira wayamba kumera mano, koma ine mtima suli m'malo. Ndalemba mothamanga, foni apita nayo alamu anu a Swadick.

Paja amalemba za ndalama kukampani yoweta chambo ija. Bwana wawo, a Howard, safuna kumva choipa, amafuna kuwomberedwa m'manja basi. Amene ankagwira ntchitoyi kale anamuchotsa chifukwa analemba kuti malonda atsika. Katundu anamutayira panja ana ake akuona.

Nthawi ya mphepo ya mwera nsomba zinafa zambirimbiri. Anazikwirira kuseri kwa nyumba zathu, mpaka lero tikudyera m'fungo. Koma bwana analamula alamu anu kuti mu lipoti lopita kwa eni kampani alembe kuti nsombazo zili moyo, zikunenepa. Atayesa kukana, bwanayo anangowafunsa ngati mwana wawo amadya chilungamo. Anasaina.

Tsopano kukubwera anthu ochokera ku Blantyre kudzafufuza. Dzulo bwana anawapatsa alamu anu tchuthi, akuti akapume kwathu ku Namwera kumeneko, mpaka galimoto yowaperekeza. Iwo n'kumathokoza. Atangonyamuka, mkazi wa dalaivala anandinong'oneza kuti bwana wayamba kale kuuza anthu zoti Swadick ankagulitsa nsombazo mobisa, ndiye wathawira ku Mozambique.

M'mawa uno bwana anabwera kunyumba. Ananyamula Ajira, kumuseweretsa, n'kundiuza akumwetulira kuti, "Nyumba ino ndi ya kampani, mayi. Mukhalamo bwinobwino, bola bambo ake a mwanayu asafulumire kubwerera."

Achimwene, pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi lochititsa manyazi. Alamu anu musawasunge. Amayi adzati mkamwini sabwezedwa pakhomo, koma akakhalitsa kumeneko, kuno bodza lija likusanduka zoona. Akwezeni njinga yamoto afike ofufuzawo asanachoke, adzanene ndi pakamwa pawo amene anawalamula. Ndi amantha, adzakupemphani kuti abisale kaye. Musawamvere chisoni. Akati ndine mkazi wankhanza, vomerani.

Ndikudziwa kuti akangofika, atitulutsa m'nyumba muno. Ziwiya ndamanga kale m'chitenje. Bola kugona pakhonde la eni kusiyana n'kuti Ajira akule akutchedwa mwana wa wakuba.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume ndi alamu anga. Mutichitire dua, mutipempherere.

Ndine mlongo wanu,
Subira